Funsani Adokotala: Matenda Obisala mwa Anthu ndi Ziweto

Makalata ambiri a mwezi uno akuzungulira pa nkhani imodzi: kachirombo kopezeka mwa munthu kapena chiweto chooneka chabwinobwino. Mafunso okhudza anthu wayankha ndi dokotala wa anthu, okhudza khola wayankha ndi dokotala wa ziweto.

FUNSO: Adokotala, ndinapita kukapereka magazi. Patapita masiku anandiitana n'kundiuza kuti magazi anga sangawagwiritse ntchito chifukwa ndili ndi Hepatitis B. Chibadwire sindinadwalepo chikasu, ndipo ntchito zolemetsa ndimagwira popanda vuto. Kodi sanasokoneze magazi anga ndi a munthu wina? (Bambo wa zaka 34)

YANKHO: Bambo, kuyezetsanso ndi koyenera, koma musadalire kuti popeza simunadwalepo ndiye kuti alakwitsa. Kulowa kwa kachirombo m'thupi ndi kudwala ndi zinthu ziwiri zosiyana. Zambiri zomwe timazitcha matenda, monga kutentha thupi, kutupa ndi chikasu, ndi fumbi la nkhondo yomwe chitetezo cha m'thupi chikumenya. Nkhondoyo ikakhala yaing'ono, kapena thupi likangomulolera mlendoyo, munthu samva kanthu.

Hepatitis B ndi katswiri pa kubisala kotere. Mwana akatenga kachiromboka pobadwa, thupi lake silikazindikira kuti ndi mdani, moti mwa ana 10 otere, 9 amakhala nako moyo wonse. Wokatenga atakula nthawi zambiri amakachotsa yekha. Osakwana 5 mwa 100 ndi amene amatsala nako. N'kutheka ndithu kuti inu mwakhala nako kuyambira ukhanda. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2022 anthu 254 miliyoni padziko lonse anali nako mokhalitsa, ambiri mwa iwo osadziwa.

Chimene anapeza m'magazi anu ndi kachidutswa ka kachiromboka kotchedwa HBsAg. Kakapezekanso pakatha miyezi 6, ndiye kuti kachiromboka kakhazikika. Pamenepo amayeza mlingo wa ALT, womwe umasonyeza ngati chiwindi chikuvulala, amayeza kuchuluka kwa kachiromboka m'magazi, n'kuonanso ngati chiwindi chayamba kuuma ndi zipsera. Si aliyense amayamba mankhwala pompo. Amene zotsatira zake zili bwino amangomuyeza chaka ndi chaka. Amene chiwindi chake chikuvulala amamwa tenofovir, piritsi limodzi patsiku, kawirikawiri kwa moyo wonse. Apa anthu amalakwitsa pawiri. Kuyamba tenofovir musanayezetse HIV n'koopsa, chifukwa mankhwalawa amagwiranso ntchito pa HIV, ndipo akamwedwa okha ndi munthu amene ali ndi HIV osadziwa, kachirombo ka HIV kamawazolowera. Kwina ndi kusiya mwadzidzidzi ati poti "ndikupeza bwino": kachiromboka kamachulukana mwaukali ndipo chiwindi chitha kutupa koopsa.

Akazi anu ndi onse a m'nyumba akayezetse, ndipo amene alibe alandire katemera, jakisoni atatu: tsiku loyamba, pakatha mwezi umodzi, ndi pakatha miyezi 6. Lezala, mswachi ndi chowengera zikhadabo zikhale zanuzanu, pakuti kachiromboka kamakhalabe moyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposa. Kudyera mbale imodzi ndi kupatsana moni sikufalitsa. Mowa usiyeni. Mwana aliyense amene adzabadwe m'nyumbamo alandire katemerayu pasanathe maola 24.

FUNSO: Amuna anga anawapeza ndi chifuwa chachikulu ndipo ayamba mankhwala. Ine ndi mwana wathu wa zaka 3 sitikutsokomola, koma kuchipatala akuti nafenso tizimwa mankhwala. Apongozi anga akuti kumwa mankhwala usakudwala n'kuputa matenda. Nditani? (Mayi wa mwana mmodzi)

YANKHO: Mayi, imwani, ndipo mwanayo ndiye asaphonye n'komwe. TB ili ndi magawo atatu, ndipo kutsokomola kumabwera pa lomaliza.

Pali TB yogona. Munthu wapuma tizirombo, chitetezo cha m'thupi n'kutimangira mpanda m'mapapo. Tili moyo koma sitikuchulukana. Munthuyu sadwala ndipo sangapatsire wina. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi padziko lapansi analowedwapo ndi tizirombo ta TB, ndipo mwa 100 otere, 5 mpaka 10 ndi amene amadzadwala, makamaka m'zaka ziwiri zoyambirira. Kwa mwana wosakwana zaka 5 mpandawo ndi wosalimba. Tizirombo timauthyola msanga, ndipo titha kufika mpaka ku ubongo. N'chimodzimodzi kwa amene ali ndi HIV, matenda a shuga, kapena operewera zakudya m'thupi.

Gawo lachiwiri anthu ambiri salidziwa: TB yadzuka kale, ikudya mapapo, tizirombo tikupezeka m'makhololo, koma mwini wake sanafike podandaula. M'mayiko omwe anajambulapo ndi kuyeza anthu a m'dera lonse mosasankha, pafupifupi theka la opezeka ndi TB ankanena kuti alibe chizindikiro chilichonse. Gawo lachitatu ndiye lodziwika lija, la chifuwa chosatha, kuonda ndi thukuta la usiku.

N'chifukwa chake asanakupatseni mankhwala oteteza ayenera kutsimikiza kuti simuli m'gawo lachiwiri. Akufunseni bwinobwino, akujambuleni pachifuwa ngati n'kotheka, ayeze makhololo ngati alipo. Kwa mwana amaonanso ngati sikelo ikukwera ndiponso ngati akusewera monga kale. Mankhwala oteteza ndi mtundu umodzi kapena iwiri, pomwe TB yodzuka imafuna mitundu inayi. Kupereka ochepa kwa TB yodzuka n'kuphunzitsa tizirombo kupirira mankhwala. Pena, pofuna kudziwa ngati tizirombo ta TB tinalowa m'thupi, amabaya 0.1 ml ya mankhwala oyezera pakhungu la mkono, munthu n'kubweranso pakatha maola 48 mpaka 72. Chomwe amayeza ndi kukula kwa pouma, m'mamilimita, osati pofiira. Koma kwa mwana wamng'ono wogona nyumba imodzi ndi wodwala TB ya m'mapapo sadikira kuyeza kwa pakhunguku.

Njira zomwera zilipo zingapo: isoniazid tsiku lililonse kwa miyezi 6, isoniazid ndi rifampicin tsiku lililonse kwa miyezi 3, kapena isoniazid ndi rifapentine kamodzi pa sabata kwa masabata 12. Rifampicin ndi rifapentine amafiiritsa mkodzo, thukuta ndi misozi, ndipo zimenezo zisakuopseni. Koma amafooketsa mapiritsi olera ndi kolera koika pamkono, choncho uzani namwino njira yomwe mukugwiritsa ntchito. Mapazi akayamba dzanzi kapena kuyaka, ndi isoniazid. Vitamini B6 amathetsa zimenezo. Maso akachita chikasu, kapena mukamasanza mosalekeza, siyani tsiku lomwelo mubwerere kuchipatala.

FUNSO: Ndili ndi ng'ombe zinayi za mkaka. Imodzi yomwe inkatulutsa malita 14 patsiku tsopano ikuthera pa 10, chonsecho chakudya sichinasinthe. Mawere ake ndi ofewa, sakutentha, mkaka ndi woyera wopanda zibuluma. Alangizi a ziweto akuti mwina ndi mastitis, matenda a mawere. Mastitis yopanda kutupa iliko? (Mlimi wa ng'ombe za mkaka)

YANKHO: Iliko bambo, ndipo ndi imene imadya phindu la mlimi kuposa yotupitsa ija. Yotupitsa mumaiona n'kuichiza, pomwe iyi imatha miyezi ikuwononga timatumba topanga mkaka m'katimo. Mawere a ng'ombe ali ndi zigawo zinayi zosalumikizana, chilichonse ndi nsonga yake. Tizirombo tikalowa m'chigawo chimodzi, thupi limatumizako maselo oyera a m'magazi, ndipo amenewa amatulukira mu mkaka. Mkaka wa chigawo chabwino umakhala ndi maselo osakwana 200,000 pa mililita imodzi. Wa chigawo chodwala utha kufika mamiliyoni uku ukuonekabe woyera mbee. Nthawi zina umangomveka kamchere pang'ono.

Poyeza pamafunika kathabwa ka pulasitiki ka timbale tinayi ndi mankhwala ake amadzimadzi. Njirayi imatchedwa CMT, ndipo inayambira ku California mu 1957. Yezani musanakame. Tsukani mawere n'kuwapukuta. Kamirani m'kapu, osati pansi, mkaka woyambirira kawiri kapena katatu pa nsonga iliyonse. Kenako nsonga iliyonse muikamire m'kambale kakekake, chogwirira cha kathabwako chitaloza kumchira nthawi zonse kuti musasokoneze kambale ndi nsonga yake. Pendeketsani mpaka m'kambale kalikonse mutsale pafupifupi 2 ml, ngati theka la supuni yaing'ono. Thiranimo mankhwala ofanana ndi mkakawo, osachulutsa. Zunguzani pang'onopang'ono kwa masekondi 10 ndipo muwerenge pasanathe masekondi 20, chifukwa kunandako kumayamba kusungunuka. Mkaka wabwino umakhalabe wamadzimadzi. Wodwala pang'ono umalemerera n'kumatsalira pansi pa kambale mukapendeketsa. Wodwala kwambiri umaundana n'kusonkhana pakati, wonanda ngati choyera cha dzira laliwisi. Musayeze m'masiku atatu oyamba ng'ombe itangobereka, kapena ikatsala pang'ono kusiya kukamidwa. Nthawi zimenezi maselo amachuluka mwachibadwa, ndipo mudzaimba mlandu ng'ombe yosalakwa.

CMT sinena mtundu wa kachirombo, pomwe mtunduwo ndiwo umalamula chochita, choncho mkaka wa chigawo chodwalacho upite ku labotale. Streptococcus agalactiae imakhala m'njira za mkaka momwemo ndipo imamva mankhwala a m'gulu la penicillin ngakhale ng'ombe ikukamidwa. Staphylococcus aureus imadzikwirira m'mnofu n'kudzizinga ndi timafinya, moti kuichiza nthawi yokama kawirikawiri n'kungotaya mankhwala ndi mkaka. Imeneyi amaidikira nthawi yosiya kukama, pafupifupi masiku 60 ng'ombe isanabereke, n'kuika chubu cha mankhwala okhalitsa m'nsonga zonse zinayi. Poika, pukutani kabowo ka nsonga ndi thonje la spiriti, ndipo kamlomo ka chubu kalowe mamilimita 2 kapena 3 okha. Kukankhira konse kumalowetsa tizirombo tina. Ng'ombe yokalamba yomwe zigawo ziwiri kapena zitatu zikungobwerezabwereza ichotseni m'khola, ngakhale mtima uwawe, chifukwa ndi chitsime chomwe zinzake zikutungako.

Matendawa amayenda pa manja ndi pa nsalu. Nsalu imodzi yopukutira ng'ombe zonse ndiye mlatho wake. Iliyonse ikhale ndi yakeyake. Yambani kukama zazing'ono ndi zabwino, yodwala ikhale yomaliza. Chizolowezi chonyowetsa manja ndi mkaka kuti aziterera chisiyeni. Mukatha kukama viikani nsonga iliyonse mu ayodini wopangidwira ntchito imeneyi, ndipo ipatseni chakudya nthawi yomweyo kuti iime kwa mphindi 30. Kabowo ka nsonga kamakhala kotseguka ng'ombe ikangokamidwa, ndiye ikagona m'ndowe pamenepo tizirombo timangolowa. Mkaka wa ng'ombe yolandira maantibayotiki usamwedwe kapena kugulitsidwa mpaka masiku olembedwa pa chubu atatha.

FUNSO: Ndili ndi pakati pa miyezi 5. Kusikelo anandiyeza malungo osandipeza nawo, komabe anandimwetsa mapiritsi atatu a SP pamaso pawo. Ngati ndilibe malungo, mapiritsiwo ndi a chiyani? (Mayi woyembekezera koyamba)

YANKHO: Mayi, munthu wokulira kumene malungo ndi ofala thupi lake limaphunzira kukhala ndi tizirombo tochepa popanda kutentha. Kachipangizo koyezera magazi a pachala kamayamba kuona bwino tizirombo tikafika 100 mpaka 200 mu kadontho kochepetsetsa kotchedwa microlitre. Tikachepera apo, kamanena kuti mulibe. Kwa woyembekezera palinso china. Maselo ofiira okhala ndi tizirombo amakamatirira mu nsengwa, momwe mwana amalandirira chakudya, moti magazi a pachala atha kukhala oyera pomwe nsengwa yadzaza. Zotsatira zake ndi kuchepa magazi kwa mayi ndi mwana wobadwa wosakwana makilogalamu 2.5. Mimba yoyamba ndiyo imagwidwa kwambiri.

SP imayambika miyezi itatu yoyamba ikatha, kuyambira sabata ya 13, ndipo imabwerezedwa patatha mwezi wathunthu, katatu kapena kuposa mpaka kubereka. Amene amamwa cotrimoxazole tsiku lililonse samwa SP, chifukwa awiriwa ndi apachibale ndipo pamodzi amavulaza. Folic acid wa 5 mg patsiku amafooketsa SP, wa 0.4 mg alibe vuto. Neti musaisiye.

Kubisala kwa malungoku kumasokonezanso kwina. Mwana wotentha thupi atha kupezeka ndi malungo pomwe chomudwalitsa ndi chibayo, tizirombo ta malungo tangopezekapo. Ndiponso kachipangizo kaja katha kusonyezabe malungo kwa masabata angapo munthu atachira. Mwana akamwa mankhwala a malungo kwa masiku awiri osasintha, makamaka akamapuma mofulumira kapena kuuma khosi, abwerere akamupimenso thupi lonse.

FUNSO: Ng'ombe yanga inapoloza chaka chatha bere lili ndi miyezi 7, ndipo nsengwa inachedwa kutuluka. Chaka chino yabereka thole lamoyo bwinobwino. Ndiye kuti inachira? (Mlimi)

YANKHO: Zopolozetsa ng'ombe n'zambiri, koma kupoloza bere litapitirira miyezi 5, nsengwa n'kukanirira, kumatiganizitsa brucellosis. Ngati ndi imeneyi, sinachire. Khalidwe la kachirombo ka Brucella abortus n'lakuti ng'ombe imapoloza kamodzi, kenako n'kumabereka bwino, koma kachiromboko katakhazikika m'mawere ndi m'mwanabere. Pa kubereka kulikonse kamatuluka kochuluka mu nsengwa ndi m'madzi a chiberekero, ndiponso mu mkaka. Zinzake zimatenga ponyambita thole kapena kudya msipu wa pamalopo. Chovuta kwambiri ndi thole lalikazi lotengera m'mimba: litha kukula likuyezedwa osapezeka ndi kanthu, mpaka kudzaonekera pa bere lake loyamba.

Kubisala kumeneku kunadziwika kalekale. Pa chilumba cha Malta asilikali a Britain ankadwala kutentha thupi kobwerabwera. David Bruce anapeza kachirombo kake mu 1887, koma komwe kankachokera kunadziwika mu 1905, pamene Themistocles Zammit anaonetsa kuti mbuzi zooneka zathanzi zinkakatulutsa mu mkaka. Asilikali atasiya kumwa mkaka wa mbuziwo, matenda anatsika kwambiri.

Yezetsani magazi a ng'ombe zonse zazikulu m'kholamo, osati yokhayo. Kuyeza koyamba ndi kwa Rose Bengal, ndipo yopezeka nawo amaitsimikiza ndi njira ina ku labotale. Magazi otengedwa ng'ombe itangopoloza kapena kubereka atha kunama kuti ilibe, choncho bwerezani pakatha masabata atatu kapena anayi. Maantibayotiki musataye nawo nthawi: kachiromboka kamakhala m'kati mwa maselo, ndipo ng'ombe yopezeka nako imayenera kuchotsedwa motsatira malangizo a dokotala wa ziweto. Katemera wa S19 amabayidwa kwa mathole aakazi okha, a miyezi ya pakati pa 3 ndi 8. Nkhunzi sabaya chifukwa amatupitsa machende. Ndi katemera wamoyo, ndipo munthu akadzibaya naye mwangozi apite kuchipatala.

Inunso muli pa chiopsezo. Pothandiza ng'ombe kubereka valani magolovesi aatali, nsengwa ndi chopolozedwacho mukwirire mozama pomwe agalu sangafukule, ndipo mkaka uziwiritsidwa usanamwedwe. Mukamamva kutentha thupi kobwera n'kupita, thukuta la usiku ndi kupweteka kwa msana, malungo osapezeka, auzeni adokotala kuti mumaweta ng'ombe yomwe inapoloza. Mwa munthu amachiza ndi mitundu iwiri ya mankhwala, kawirikawiri doxycycline ndi rifampicin, kwa masabata 6. Kudukiza kumabweza matenda.

FUNSO: Ndimaphika pa sukulu ina yogonera komweko. Ana angapo adwala tayifodi, ndiye akuti ophika tonse tikayezetse chimbudzi. Ine ndinadwala tayifodi zaka zitatu zapitazo n'kuchira. Kodi sakungofuna womukankhira mlandu? (Mayi wophika)

YANKHO: Mayi, gwero litha kukhala madzi osati munthu, ndipo ofufuza abwino amayeza zonse ziwiri. Koma kukuyezani si chipongwe. Mwa anthu 100 odwala tayifodi, 2 mpaka 5 amachira koma tizirombo n'kutsalira mu ndulu, makamaka mwa amayi, achikulire ndi amene ali ndi timiyala ta mu ndulu. Timatsika ndi ndulu kupita m'matumbo n'kumatuluka m'chimbudzi kwa zaka, mwini wake ali bwinobwino. Wodziwika kwambiri ndi Mary Mallon, wophika wa ku New York, yemwe anadziwika mu 1907 kuti m'nyumba zambiri zomwe anaphikamo anthu ankadwala tayifodi. Iye anakana kukhulupirira, pa chifukwa chomwechi chakuti sankadwala, ndipo anamusunga pa chilumba cha North Brother kuyambira 1915 mpaka imfa yake mu 1938. Masiku amenewo kunalibe mankhwala, lero alipo.

Tizirombo timatuluka modukizadukiza, choncho chimbudzi chimayezedwa katatu pa masiku osiyana, kamodzi sikokwanira. Kuyeza magazi kwa Widal sikuthandiza apa, chifukwa kumangosonyeza kuti thupi linakumanapo ndi tizirombo, osati kuti tilipobe. Wopezeka nato amamwa maantibayotiki, monga ciprofloxacin, kwa masabata 4, labotale itaona kaye ngati tizirombo take timamva mankhwalawo, pakuti tosamva tachuluka. Akakanika ndipo muli timiyala, amachotsa ndulu. Pa nthawiyi munthu amachoka kaye kukhitchini, n'kudzabwerera zoyeza zikatuluka zoyera.

FUNSO: Kwathu sitinaonepo mwana wopuwala ndi poliyo kwa zaka zambiri. Bwanji akumabwerezabwereza katemera? (Bambo wa ana atatu)

YANKHO: Chifukwa wopuwala ndi kansonga chabe. Mwa ana 10 otenga kachirombo ka poliyo, pafupifupi 7 saonetsa chilichonse, ena amangotentha thupi pang'ono, ndipo mmodzi yekha mwa 200 ndi amene amapuwala kosachira. Onsewa amakatulutsa m'chimbudzi kwa masabata angapo. Ndiye mwana mmodzi akapuwala, dziwani kuti mazana akuyenda nako. N'chifukwa chake akatswiri amayeza madzi a m'masuweji. Mu 2022 anakapeza m'masuweji a ku London popanda wopuwala ndi mmodzi yemwe, ndipo ana a mumzindawo anawapatsa katemera wowonjezera.

FUNSO: Ndinagula abakha awiri ndi nkhuku zitatu zooneka zathanzi n'kuziphatikiza ndi zanga. Sabata isanathe nkhuku zanga zinayamba kuzyolika, kupinda makosi ndi kufa, koma abakha aja ali gwa. Anandigulitsa dala zodwala? Ndikufunanso kugula nkhumba, ndipewe bwanji zoterezi? (Mayi woweta)

YANKHO: Mayi, zomwe mwafotokozazo zikufanana ndi chitopa, ndipo wogulitsayo mwina sankadziwa. Abakha ndi atsekwe amatha kunyamula kachirombo ka chitopa osadwala. Nkhuku yolandira katemera nayonso itha kutenga kachiromboka n'kumakatulutsa m'zitosi iyo ili bwino. Ndiponso matendawa amatenga masiku 2 mpaka 15 asanaonekere, moti nkhuku yogulidwa lero ikuthamanga itha kukhala itatenga kale. Matenda otupitsa nkhope ndi chimfine cha nkhuku ali ndi khalidwe lina: yochira imakhala nawo moyo wonse, maantibayotiki amangophimba, ndipo amabuka nyengo ikasintha.

Chiweto chatsopano chikhale pachokha kwa masiku 21 mpaka 30, patali ndi khola lakale, chokhala ndi zomwera ndi zodyera zakezake. Muzichisamalira pomaliza, ndipo nsapato za kumeneko zisalowe m'khola lina. Pakatha masabata awiri ikanimo nkhuku ziwiri zanu zakale. Zikadwala, mwadziwa kuti alendowo anyamula kanthu, mwataya ziwiri osati khola lonse. Katemera wa chitopa wa I-2 ndi dontho limodzi m'diso, miyezi inayi iliyonse, ndipo amayamba kuteteza pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Sachiza zomwe zadwala kale.

Ku nkhumba opani chigodola, chomwe chilibe mankhwala. Njiri ndi nguluwe zimakhala ndi kachirombo kake osadwala, ndipo nkhufi za m'mauna a njiri zimakasunga kwa zaka. Nkhumba yoweta imayamba kupatsira zinzake tsiku limodzi kapena awiri isanaoneke kudwala, ndipo matendawa amatenga masiku 4 mpaka 19 kuti aonekere. Nkhumba yotsika mtengo modabwitsa kawirikawiri ikuchokera kumene zinzake zayamba kufa. Kachiromboka sikadwalitsa munthu, koma kamakhala miyezi mu nyama yaiwisi, youma kapena ya m'firiji. Ndi mmene kanafalikira kutali, mpaka ku dziko la Georgia mu 2007 ndi ku China mu 2018. Zotsala za kukhitchini muziziwiritsa kwa mphindi 30 musanapatse nkhumba, ndipo ogula asalowe m'khola.

FUNSO: Mayi anga ali ndi zaka 78. Nthawi zonse akayezetsa mkodzo amapezeka ndi mabakiteriya, amamwa maantibayotiki, pakatha mwezi apezekanso. Iwo sadandaula chilichonse pokodza. Tipeze mankhwala amphamvu kuposa awa? (Mwana wawo wamkazi)

YANKHO: Ayi mayi, apa ndiye pofunika kusiya. Si kachirombo kalikonse kobisala komwe kamafuna mankhwala. Tisanachize timafunsa ngati kadzavulaza mwini wake, ngati kangapite kwa ena, ndiponso ngati mankhwala angakachotsedi. Mabakiteriya a mu mkodzo wa gogo wosadandaula amalephera mafunso onsewa. Ndi ofala mwa amayi achikulire, ndipo pafupifupi aliyense wokhala ndi paipi ya mkodzo nthawi yaitali amakhala nawo. Kuwachiza sikutalikitsa moyo kapena kuteteza impso. Kumangopha mabakiteriya ofatsa n'kusiya malo kwa osamva mankhwala, ndipo kutha kuyambitsa kutsegula m'mimba koopsa. Fungo la mkodzo kapena kuda kwake pakokha si chifukwa chomwera mankhwala. Kawirikawiri ndi kuchepa kwa madzi akumwa.

Achizidwe pokhapokha akamva kuwotcha pokodza, kukodza pafupipafupi kwachilendo, kupweteka pachinena kapena m'mbali mwa msana, kapena kutentha thupi. Osadandaula omwe timawachiza ndi magulu awiri okha: amene akukachitidwa opaleshoni ya njira ya mkodzo, ndi amayi oyembekezera, chifukwa kwa iwo mabakiteriyawa amakwera mosavuta kupita ku impso ndipo atha kuyambitsa kubereka masiku asanakwane.

Ngati padzafunike kuyeza, katengedwe ka mkodzo n'kofunika. Asambe kaye, ayambe kukodza pang'ono m'chimbudzi, kenako atengere wapakati m'kabotolo ka kuchipatala osakhudza m'kati mwake. Ufike ku labotale pasanathe maola awiri, apo ayi usungidwe m'firiji. Ukakhala pa kutentha mabakiteriya ochepa a pakhungu amachulukana m'kabotolomo n'kuoneka ngati matenda.